Nyerere za Patsinde pa Bwemba

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tsiku lomwe ndinaponyera akazi anga kapu ya tiyi. Sinawagunde ayi, inakamenya chitseko. Koma Abiti Saidi sanayang'ane kapuyo, sanayang'anenso ine. Anaponya maso panja, ku mtengo wa bwemba womwe uli pakati pa nyumba yanga ndi ya mng'ono wanga Yusufu. Ndinaona komwe masowo anapita. Pa bwemba ameneyo ndi pomwe anamangirira bambo athu ndi chingwe cha khoka, anthu atanena kuti apenga.

Ine ndine Amidu, koma mukafika ku Lifuwu mukafunse za Che Wailesi, ngakhale mwana wa kumsana akakulozerani. Sukulu sindinapite nayo patali, zolemba zangazi mungopirira nazo, koma mawu okha Mulungu anandipatsa mosayeza. Maliro akagwa ndine ndinkalengeza. Ndikaima pachulu cha kusikimu ya mpunga n'kutsegula pakamwa, okoka khoka kunyanja ankaimitsa manja kuti amve wamwalira ndani. Mawuwo ndinatengera bambo anga, omwe anthu ankawatcha a Mphenzi. Ndiye poti mawu ndinatengera, anthu ankanong'onezana kuti zinazo ndidzatengeranso. Make mbuu, mwana mbuu.

Bambo anga anali munthu wojintcha, woseka. Atayamba kukula anayamba kuonda. Ankapsa mtima ndi nkhuku yomwe, kenaka n'kumalira ngati mwana popanda wowaputa. Madzi ankamwa ngati ng'ombe ya pangolo. Tsiku lina analowa m'nyanja ndi zovala, akulankhula zosamveka, ndipo amuna anakawavuula n'kuwamanga pa bwemba kuti asamire. Ine ndinali mnyamata wandevu zoyamba. Ndinkawatengera thobwa lothira shuga wambiri kuti apeze mphamvu, iwo n'kumandiitana dzina la munthu wina. Sanakhalitse pamtengopo. Ena anati ndi majini, ena anati ndi misala ya kumtundu. Mawu achiwiriwo ndi amene anandikhala m'khutu moyo wanga wonse.

Anthu ndinawauza kuti ndikupita chifukwa madzi osefukira anandithera mpunga, komanso kuti kumzikiti anagula zimkuzamawu ndipo maliro akulengezedwa pa foni. Zonsezo zinali zoona. Koma chenicheni chinali chakuti ndinali nditayamba kudzimva ndekha. Dzuwa likamakwera, mutu unkandilemera, mtima n'kumathamanga, munthu akangondifunsa kanthu ndinkafuna kumudya. Ndinati ngati n'kupenga, ndikapengere kutali komwe kulibe bwemba, komwe palibe amene anamvapo za Che Wailesi.

Yusufu anandiseka pokwera minibasi. "Achimwene, ku Joni kumapita anyamata. Inu ndi imvi zimenezi mukagwira ntchito yanji, yoopseza ana?"

"Iwe khala ndi mpunga wakowo," ndinatero. "Mawu angawa sakalamba."

Ndipo sindiname, ntchito anandipezera ndi mawu omwewo. Ku Debeni ndinafikira kwa Kassimu, bambo wa ku Senga Bay yemwe anali atakhalitsako, ndipo tinkagawana kachipinda kamodzi kamalata. Ananditengera kwa mmwenye wina wa sitolo ya mabulangete ndi mapoto, yemwe ankafuna munthu woitanira ogula pakhomo. Anandiphunzitsa timawu tochepa ta Chizulu. Nditangokuwa kamodzi, nkhunda zonse za mumsewu umenewo zinauluka, mmwenye n'kunena kuti ndiyambe lomwelo.

Malipiro anali ochepa, musanamizidwe ndi zithunzi zomwe anyamata amatumiza. Ukachotsa za nyumba ndi za basi, zotsala n'zoti ungazifumbate osadziwa kuti wafumbata kanthu. Koma masana bwana ankatipatsa theka la buledi woyera ndi chibotolo chachikulu cha chakumwa chozizira, chotsekemera mpaka m'mano. Ine ndinaona ngati ndafika. Kwathu zimenezo timazilawa pa Idi, kuno tsiku ndi tsiku! M'mawa tiyi, shuga ndikuthira osawerenga masupuni, ndi buledi yemweyo. Madzulo ndikatopa, buledi ndi tiyi kachiwiri, poti kuphika ndiwo kumafuna nthawi ndi parafini. Katundu ndikamatumiza kumudzi kudzera kwa anyamata onyamula katundu aja, sindinkaiwala shuga. Wa kunyumba kwanga payekha, wa Yusufu payekha, kuti atseke pakamwa paja anandisekera.

Kulemba pa foni sindimatha, choncho ndinkatumiza mawu. Poyamba Abiti Saidi ankaitana anzawo kuti adzamve. Ankaika foni pamphasa, ine n'kumasimba za nyanja yamchere ndi nyumba zosanjikana, azimayi n'kumaombera m'manja. Patapita nthawi ndinamva kuti asiya kuitana anthu. Nditafunsa anandiyankha mosamala, ngati munthu woponda pa matope.

"Bambo a Halima, mawu anu a m'mawa mukangomwa tiyi ndi abwino, mumaseka, mumalonjeza malata. Koma a dzuwa lili pamutu aja ndimamvera kubafa ndekha. Mumatukwana anthu oti sanakulakwireni. Dzana munalira. Kodi amalankhula ndi munthu mmodzi yemweyo?"

Funso limenelo linandisowetsa mtendere. Ndinali ndekha m'dziko la eni, pakati pa anthu ambirimbiri oti ukawalonjera amagwiritsa chikwama. Mapepala anga anali atatha, ndiye galimoto ya apolisi ikangotulukira ndinkathawira m'sitolo. Koma apolisi sindinkawaopa ngati momwe ndinkadziopera mwini. Ludzu linali losatha. Thalauza linayamba kugwa, lamba ndinaboola kawiri. Maso ankachita chifunga, mitengo ya mabulangete osaioneka bwino. Ndinapita kwa shehe wina wa kwathu konkuno yemwe ankakhala kumeneko, anandichitira duwa, pemphero lathu la Chisilamu, ndipo mtima unakhalako pansi masiku angapo. Ludzu lokha silinamve duwa.

Tsiku lina mayi wina anatenga poto, kuiyang'ana, kuibweza, kutenganso ina. Zimenezo ogula amachita tsiku lililonse. Ine ndinangomva moto ukukwera kuchokera m'chifuwa. Ndinamukalipira m'Chichewa, ndi mawu anga onse aja, mpaka mwana amene anabereka anayamba kulira. Chivundikiro cha poto ndinachimenyetsa pansi. Kenaka, osadziwa kuti zatheka bwanji, ndinapezeka ndakhala pansi m'mphepete mwa msewu, misozi ili chuchuchu. Mmwenye anati ndikabwerezanso ndisadzabwerenso. Ine sindinkamumva n'komwe. Ndinkayang'ana pholo la magetsi lomwe linali patsogolo panga, n'kumati, kuno adzandimangirira apa.

Anandipulumutsa ndi mwano wa Kassimu. Chimbudzi chathu chinali kutali ndipo chinali cha anthu ambiri, ndiye poti ndinkataya madzi pafupipafupi, ndinali ndi kandowa kanga kuseri kwa chitseko. M'mawa wina Kassimu anaima pamenepo atagwira m'chiuno.

"Madala, mwasanduka nzimbe kodi? Taonani nyerere izi. Shuga wanga m'chitini zamusiya, zathamangira kandowa kanu."

"Iwe usandilankhule zachipongwe m'mawa uno."

"Si chipongwe. Abwana anga ali ndi matenda a shuga, ankaonda chonchi, kulusa chonchi. Tiyeni kuchipatala."

Ndinakana masiku ambiri. Kwa iye ndinkati ndikuopa za mapepala. Mumtima ndinkaopa kuti akandiyeza adzandiuza mawu aja, oti mutu wazungulira, n'kunditsekera. Kassimu anachita kundikoka ngati mbuzi yopita kumsika.

Namwino wake anali mayi wamkulu thupi, wosachedwa ndi nkhani. Anandibaya chala, n'kuika kadontho ka magazi pa kachipangizo, n'kupukusa mutu. Kassimu ndiye ankamasulira.

"Akuti shuga, madala. Wakwera kwambiri."

"Uwafunse ngati ndili wamisala."

Kassimu anachita manyazi, koma anafunsa. Mayi uja anayamba kuseka, atandiyang'ana kumaso analeka. Anakhala pansi n'kufotokoza pang'onopang'ono. Anati mutu umadya zomwe zili m'magazi. Shuga akachuluka, thupi limatopa, maganizo amachita mdima, munthu amapsa mtima ndi zazing'ono kapena kungogwidwa ndi chisoni. Akakwera mopitirira muyeso munthu amatha kusokonezeka, osazindikira ngakhale abale ake. Akatsika mwadzidzidzi, manja amanjenjemera, thukuta, mantha opanda chifukwa. Anati buledi woyera ndi chibotolo chija zimakweza munthu msanga ngati chikepe n'kumusiya ali lende. Koma ananenanso mawu ena omwe sindinawakonde. Anati si kusokonezeka kulikonse komwe kumachokera ku shuga, tiyambe taweta ameneyu kenaka tione chotsala.

Chotsala. Mawu amenewo ndinawanyamula ngati mwala m'thumba.

Anandipatsa mapiritsi. Kachipangizo ndinagula kanga nditasunga ndalama miyezi ingapo, ndipo mayi uja anandiphunzitsa kuwerenga manambala ake. Anandichenjezanso kuti kakadzakana kupereka nambala n'kungoonetsa zilembo ziwiri, ndisadzafunse munthu, ndidzathamangire kuchipatala. Chibotolo ndinachisiya, ndipo ndikuuzeni, kusiya fodya n'kosavuta. Ndinayamba kuphika nyemba, kabichi, nsomba zam'chitini, kufunafuna ufa wosakonola. Tiyi wopanda shuga ndinkamwa nditatsinzina. Tsiku lina ndinamwa piritsi osadya kanthu, pofika chakumasana ndinali thukuta kamukamu, ndikutukwana Kassimu ndi makolo ake omwe. Iye anangondiponyera siwiti m'kamwa ngati akudyetsa galu wolusa, n'kudikira. Patapita kanthawi ndinabwerera m'thupi mwanga n'kumupepesa. Kuyambira pamenepo sindidumphitsa chakudya, ndipo m'thumba mwanga simusowa mtedza ndi siwiti imodzi.

Mtima unayamba kukhazikika, tulo tinabwerera, mawu a pa foni anayamba kufanana m'mawa ndi masana. Koma mpaka lero ndikapsa mtima ndimaima kaye n'kudzifunsa kuti, mkwiyo uwu ndi wanga, ndi wa shuga, kapena ndi chotsala chija chayamba kusuzumira? Kumudzi sindinauze munthu, ngakhale Abiti Saidi. Mukudziwa kwathu. Munthu wabwera kuchokera ku Joni ataonda, akumwa mapiritsi tsiku ndi tsiku, nkhani imakhala yatha kale asanatsike minibasi. Ine Che Wailesi sindinafune kukhala nkhani ya pachitsime. Shuga wa Yusufu ndinkatumizabe, poti kusiya kukanaoneka ngati ndashota.

Chinandibweza kumudzi ndi uthenga waufupi wa Abiti Saidi. Analankhula motsitsa, ndinachita kuika foni pakhutu penipeni. "Bwerani. A Yusufu ayamba zija za abambo."

Ulendo wonse wa pabasi ndinkangotembenuza mawu amenewo. Kachipangizo kanali m'thumba la jekete, ndikukagwiragwira. Mwina mukuti nanga osangofika n'kumuyeza bwanji? Mverani. Ndikanamuyeza n'kupeza shuga, bwenzi zili bwino. Koma nanga kakanaonetsa kuti magazi ake ali bwinobwino? Ndiye kuti misala ya kumtundu ilipodi, yagwira Yusufu, ndipo ine yangondisunga. Ndinkaopa kachipangizo kanga komwe ngati munthu woopa kutsegula chitseko atamva mgugu panja.

Kufika kumudzi, mavuto anayamba ndi ulemu. Kwathu mlendo wochokera kutali samulandira ndi madzi. Nyumba iliyonse yomwe ndinalowa kukapereka salamu, ankatulutsa tiyi wamkaka, shuga atathiriratu wambiri kuti ndione kuti sakundiumira, ndi mbale ya mpunga woyera wonunkhira, wa kusikimu kwathu komwe. Ine ndinkati zikomo, ndakhuta. Kunyumba ndinauza Abiti Saidi kuti akagayitse mgaiwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali koma anapita. Pofika tsiku lachiwiri mudzi unali utagawikana. Ena ankati Che Wailesi abwerako chimanjamanja, akudya mgaiwa ngati nthawi ya njala. Ena ankati ayi, akutikayikira, akuganiza kuti tiwathirira mankhwala chifukwa cha ndalama zawo.

Yusufu ndinamupeza pakhonde, chigubu cha madzi chili pambali. Mng'ono wanga, yemwe ankanyamula thumba la mpunga ndi dzanja limodzi, makosi a malaya anali lendelende. Anandilonjera bwino, tinasekako pang'ono. Kenaka mkazi wake, Abiti Mussa, anabwera ndi thireyi n'kugwada.

"Alamu, imwani. Shuga wake ndi yemwe uja munatumiza, sitinamuthe. Achimwene anuwa ndiye amamukonda, poti chakudya chikuwakanika, timangowathirira m'tiyi ndi m'thobwa kuti apeze mphamvu."

Ndinayang'ana kapuyo. "Zikomo alamu, ndamwa kale."

Nkhope ya Yusufu inasintha pomwepo, ngati nyanja ikagwidwa ndi mwera.

"Mwamwa kale kuti? Mudzi wonse mukukana. Mukuti mkazi wanga wakuthiranimo chiyani? Tinayamwa bere limodzi ine ndi inu, lero mukuopa kapu ya m'nyumba mwanga?"

"Yusufu, khala pansi."

"Musandiuze zokhala pansi pakhomo panga! Bwererani ku Joni kwanuko mukamwe za azungu!"

Kapu ija inadutsa pafupi ndi khutu langa n'kukaswekera pachipupa. Kenaka anagwira kumaso n'kuyamba kulira. Ine ndinaimirira n'kuchoka, kachipangizo kali m'thumba. Panali anthu pamenepo, ndipo pakamwa panga, pomwe sipanatsekekepo chibadwire, panakana kunena mawu atatu okha, oti ndili ndi shuga.

Patapita masiku awiri, chakum'mawa dzuwa litakwera, ndinamva phokoso. Ana akuthamanga, azimayi akukuwa. Yusufu anali atadzuka osazindikira mkazi wake, anamukankhira pansi, n'kuyamba ulendo wa kunyanja akuitana bambo athu. Amuna anamugwira panjira n'kumubweretsa atamunyamula m'mapewa. Pomwe ndinkafika anali atamukhazika patsinde pa bwemba, mutu uli pendapenda, milomo itauma ngati chikopa. Wina anali atagwira chingwe cha khoka, chokhuthala, chakale. Abiti Mussa, chipumi chikutuluka magazi, ankayesa kumumwetsa thobwa.

Miyendo yanga inakana kupita pamenepo. M'malo mwake inanditengera kuseri kwa nyumba ya Yusufu, kuti anthu asaone Che Wailesi akunjenjemera. Ndinatsamira chipupa. Nditayang'ana pansi ndinaona pamalo ponyowa, pomwe mng'ono wanga ankatayira madzi poti kuchimbudzi sankafikako. Panali bii ndi nyerere. Mzere wake unachokera kutchire, wina kukhitchini, zonse kudzasonkhana pamenepo.

Pomwepo m'maganizo ndinaona dzanja langa lomwe, ndili mnyamata, litagwira tsache. Ndinkasesa nyerere patsinde pa bwemba, pomwe bambo anga ankadzinyowetsera atamangidwa. M'mawa uliwonse ndinkasesa, n'kumadzidzudzula kuti ndataya thobwa. Zaka zonsezi ndinkakhulupirira kuti zinkatsata thobwa. Koma kuseri kwa nyumba ya Yusufu kunalibe thobwa.

Mawu omwe ndinatulutsa tsiku limenelo sindinawatulutsepo pa maliro a munthu aliyense. Akuti anamveka mpaka kumatanki a kusikimu.

"Siyani! Chotsani thobwalo! Wogwira chingwe, chiike pansi!"

Onse anaima ngati awathira madzi ozizira. Mkulu wina wa kuchikazi kwa Yusufu anati, "Che Wailesi, musatisokoneze. Munthuyu akamira. Inu mukudziwa za mtundu wanu."

"Ndikudziwa kuposa iwe! Tamverani nonse, ndi a kuchitsime omwe akamve. Ine Amidu, mwana wa a Mphenzi, ndili ndi matenda a shuga! Tiyi wanu ndimakana chifukwa cha chimenecho, osati ufiti wanu, mulibe n'komwe ufiti woti n'kundiopsa ine. Ndinalusa ngati uyu, ndinalira ngati uyu, pamsewu, anthu akuona. Ndipatseni chala chake."

Ndinagwada. Kubaya koyamba ndinaphonya. Magazi anatuluka, ndinaika pa kachipangizo, ndipo nthawi yomwe kankaganiza ndinapemphera duwa yachilendo, yopempha Mulungu kuti m'bale wanga apezeke ndi matenda. Kanalira. Nambala panalibe. Panali zilembo ziwiri zija.

"Njinga yamoto! Msanga!"

Wakabaza anabwera, koma atamuona Yusufu anakana. "Madala, awa sangakhale panjinga, agwa. Mchenga wake uwu, ndipha munthu ine."

Zoona, Yusufu anali atalefuka ngati nsalu yonyowa. Ndinayang'ana uku ndi uku, maso anga n'kugwera pa chingwe chija chili pansi.

"Bweretsa chingwecho."

Tinamukweza pakati, ine kumbuyo, chifuwa changa pamsana pake. Ndinauza amuna omwe aja kuti atizunguze chingwe, ine ndi iye pamodzi, mfundo ya asodzi yosamasuka. Anatimanga ndithu, mwamphamvu, Abiti Mussa akulira, Abiti Saidi atagwira pakamwa. Moti mawu a anthu aja anapherezera, mwana wa a Mphenzi anamangidwadi ndi chingwe cha khoka mudzi wonse ukuona. Kungoti sanandimangirire kumtengo.

Msewu wochokera kwathu kukafika pamsewu wa tala sindinauonepo kutalika chotero. Mutu wa Yusufu unkagunda phewa langa. Ndinkamukuwira m'khutu njira yonse kuti asagone, kumutchula maina a ng'ombe za bambo athu, kumukumbutsa za mpunga wake woti sanamwete, kumutukwana kumene. Anthu m'njira ankapatuka tisanaimbe belu. Kuchipatala cha ku boma ku Salima anachita kudula mfundo ndi lumo. Anamuika madiripi, n'kutiuza kuti tikanachedwa tikanalankhula zina.

Anatsegula maso bwinobwino tsiku lachitatu. Anayang'ana mikwingwirima ya chingwe m'nthiti mwake, n'kuyang'ana ine.

"Achimwene, munandimanga ndinu?"

"Ndinadzimanga nawe. Ona zanganso izi."

Anaziona, kenaka anati, "Ndiye munanenepa liti kuti mundifinye chonchi?" Apo ndinadziwa kuti mng'ono wanga wabwerera.

Sindikunena kuti zonse zatha. Yusufu tsopano amadzibaya jakisoni, ndipo mankhwala ena akasowa timayenda mitunda. Amabisa shuga m'thumba la mbewu ngati mwana, ine n'kumamugwira. Mpunga timadyabe, ndife a ku Lifuwu, koma kambale kakang'ono, ndiwo zamasamba ndi usipa n'kuchuluka. Ndikaona mwana wanga Halima akuthira masupuni m'tiyi mtima umandipweteka, ndipo ndikalankhula amati bambo ayamba wailesi yawo. Za bambo anga palibe amene angandiyezere magazi awo lero. Ndili ndi nyerere zokha ngati mboni. Koma ndimadziwa chomwe ndinkawamwetsa ndi manja angawa, ndi mtima wonse, kuti achire.

Chinthu chimodzi chinkandivutabe. Kumbali kwathu kuno palibe amene wakokapo khoka kwa zaka zambiri, aliyense ali kumpunga. Tsiku lina tikusankha nyemba pakhonde ndinafunsa Abiti Saidi kuti anthu aja chingwe anachipeza kuti msanga chotero.

Anapitiriza kusankha osadzutsa mutu. "Chinali m'denga mwathu muno."

"Mwathu muno?"

"Pamwamba pa pomwe mumagonapo. Akuluakulu anabwera nacho chaka chomwe munkaponya makapu chija, musanapite. Anati tikhale okonzeka. Poyamba anabweretsa cha nayiloni, ine ndinakana. Ndinapita ndekha ku Senga Bay kukapempha cha khoka chakale. Chimene chija n'chofewa, sichicheka khungu."

Ndinathawa mudzi uno poganiza kuti ndikubisa mantha anga, osadziwa kuti mudzi wonse unali nawo, ndipo mkazi wanga ankagona pansi pake usiku uliwonse, atandisankhira chofewa.

Zidutswa za chingwecho tinamangira mbuzi. Bwemba akadalipo, ndipo ine ndi Yusufu timakhala pamthunzi pake m'mawa, tikumwa tiyi wowawa, iye akudandaula kuti ndi madzi otsukira mbale. Ndisanakhale pansi ndimayamba ndayang'ana patsinde, chizolowezi chimenecho sichidzandichoka. Kupsa mtima ndimapsabe, mawuwa si oti n'kunong'ona nawo. Dzulo lomweli ndinakalipa chifukwa cha nkhuku yolowa m'nyumba, mpaka mbale zinalira pathandala. Nditamaliza ndinachita mantha, n'kuyang'ana komwe maso a Abiti Saidi apite.

Sanapite ku bwemba. Anandiyang'ana ine, n'kundifunsa kuti, "Bambo a Halima, mwadya?"